Dzanja la Kukhoma

Sitiroko yachiwiri inawapeza abambo ali m'munda wa soya. Yoyamba ija inangowapotoza pakamwa ndi kuwalemetsa mwendo, ndipo patapita miyezi anayambanso kupalasa njinga yawo mpaka ku Kamwendo. Yachiwiriyi sinawasiyire kanthu. Atatitulutsa m'chipatala ndinabwera nawo kwathu kwa Zulu atagona pa matiresi kumbuyo kwa galimoto ya mkulu wina wa mpingo, osayankhula, osatembenuza khosi, maso akungoyendayenda osaima pa munthu. Adokotala anati mtima ukugunda bwino ndipo phala lamadzimadzi azimeza, koma zoti akumva kapena akuzindikira anthu, iwo sakanalonjeza. "Muziwayankhulabe, mayi," anatero. "Simutaya kanthu."

Ndikuti abambo chifukwa ndimo mmene ndinkawaitanira amuna anga zaka zonse za ukwati wathu. Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera ku Mchinji ndili mtsikana, boma litanditumiza kudzaphunzitsa ku pulayimale, ndipo iwo ndinawapeza m'kwaya, mlimi wamtali wosakonda zoyankhulayankhula amene ankaimba besi maso ali pansi. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi, ndipo pamene abambo ankadwala chonchi n'kuti iye ali ku Korea pa maphunziro a sayansi, kumene dzuwa limatuluka ife tisanagone n'komwe tulo tabwino.

Bedi lathu linali logunda khoma chiyambire. Ndinawagoneka mmene ankagonera kale, mbali ya kumanzere kukhoma, ya kumanja kuyang'ana m'chipinda, ndipo ndinaika kampando kanga kumanja kwawoko. Pamenepo ndi pamene ndinkawamwetsera phala, kuwawerengera Mawu ndi kuwagwira dzanja popemphera. Ndinkawatembenuza kuti asachite zilonda, kuwasambitsa thupi lonse, kuwadzola mafuta, kenaka n'kuwabwezera chagada, dzanja lamanzere n'kulifunditsa bwinobwino kukhoma kuja kuti lisazizidwe.

Anthu ankabwera kudzazonda. Amayi a ku mpingo ankaimba, amuna ankapemphera mokweza ngati Ambuye ali kutsidya kwa malire. Ndinkathokoza, koma ndinkamvanso mmene ankayankhulira akamatuluka. "Anali munthu wabwino," ankatero, munthuyo ali pomwepo, akupuma. Ine ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha. Sindinkapempha kuti anyamule mphasa yawo ayende, ngakhale ndinkadziwa kuti kwa Mulungu n'zotheka. Ndinkangofuna kudziwa ngati abambo analimo m'thupi lija, komanso ngati ankadziwa kuti mayi wowapukuta malovuyu ndine.

Dzanja lawo lamanja linali litafumbata, lolimba ngati muzu. Nthawi zina ndikalowetsamo zala zanga ndinkamva ngati landifinya, mtima n'kudumpha. Koma mayi wina wa kuchipatala amene ankabwera kudzawaongola ziwalo anandiuza mosabisa kuti imeneyo ndi mitsempha yongodzikoka yokha. Komanso manja angawa ndi osadalirika. Ali ndi dzanzi la zaka zambiri, moti singano ndimaigwetsa osadziwa. Ndiye ndinkakhala pakati pa zinthu ziwiri: kapena andifinya, kapena ndi mtima wanga womwe ukundinamiza chifukwa cha kufunitsitsa.

Tsiku lina ndinamuuza mwana wanga zimenezi pa foni.

"Amayi, mukukumbuka chimene ndimachita kuno?"

"Umati mumapanga zinthu zowala. Ine ndimauza anthu kuti umapanga mababu."

"Si mababu, amayi," anaseka. "Ndi ufa winawake umene timausakaniza ndi mphira wofewa. Ukachifinya kapena kuchikoka, mphamvu ya dzanja lako lomwelo ndi imene imasanduka kuwala. Sichifuna batire, sichifuna waya. Tikufuna kuti tsiku lina chidzakhale ngati khungu pa manja opanga a anthu oduka mikono, kapena chizimatidwa pa milatho kuti chizionetsa pamene pakupanikizika. Ndili ndi zidutswa zotsala. Si mankhwala, musandimve molakwa, ndipo si chida cha kuchipatala. Koma ababa akafinya, ngakhale pang'ono, mudzaona ndi maso, osati ndi manja anu a dzanziwo."

Anali abambo ake omwe amene anamuyambitsa zimenezi. Ali wamng'ono, nthawi imene tinkalima fodya wa chikopa, anamulowetsa m'balani masanasana, n'kutseka chitseko, n'kukhulanitsa miyala iwiri yoyera ya nsangalabwi. Mwanayo anatuluka akununkha utsi, maso ali psuu, akufunsa kuti moto umene wauona m'kati mwa mwala ukubisala pati, nanga bwanji sukutentha. Abambo anati, "Kafunse amako, ndi aphunzitsi." Inenso sindinkadziwa. Funso limenelo ndi limene linamutengera kutali chonchi.

Mnzake wina wa ku Zambia amene ankaphunzira naye anali kubwera kwawo ku Chipata, ndiye mwana wanga anamupatsira chidutswa chimodzi kuti andibweretsere. Ndinasiya abambo m'manja mwa mayi wina wa ku mpingo, n'kukwera minibasi mpaka pa boda. Ndinaima pakati pa mathiraki ndi anyamata osintha ndalama amene ankandiitana kuti "amayi a mpingo" chifukwa cha duku langa, mpaka mtsikanayo anandipeza n'kundipatsa kabokosi konga ka machesi aakulu. M'katimo munali kachidutswa kofewa, kotuwa ngati sopo wotsala pang'ono kutha, kongokwana pachikhatho. Kankaoneka ngati chigamba chomatira chubu cha njinga. Ndinakhumudwa pang'ono, ndisaname.

Pobwerera m'minibasi ndinalephera kupirira. Ndinadzifunditsa chitenje kumutu, n'kuwerama, n'kukafinya. Kanawala. Kuwala kobiriwira, kofatsa, ngati kwa chiphaniphani, pomwe panali chala changa penipeni. Nditasiya kufinya kanathwanimanso pang'ono, n'kuzima.

"Mayi, mukupemphera kapena mukudya mobisa?" anafunsa bambo amene ndinakhala naye pampando.

"Zonse ziwiri," ndinatero, ndili m'chitenje momwemo.

Njira yonse ndinkaganiza za mayi uja amene anakhudza chovala cha Ambuye m'chikhamu cha anthu. Anthu ambirimbiri ankawapanikiza, koma kukhudza kumodzi kokha ndi kumene kunatulutsa mphamvu, ndipo Iwo anaima n'kufunsa. Ndinati mumtima, Ambuye, Inu mumasiyanitsa kukhudza ndi kupanikizana wamba. Ine sinditha. Mwina mwanditumizira kachigamba aka kuti kandithandize.

Abambo ankakhala maso bwino chakum'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Madzulo ankakhala atatheratu. Choncho mdima ndinkachita kuupanga. Ndinkapachika bulangete pazenera, kutseka chitseko, n'kutsekera thumba la feteleza pansi pake. Ndinkadikira kuti maso anga azolowere. Kenaka ndinkatambasula zala za dzanja lawo lamanja, kuikamo kachigamba kaja, n'kukhala pa kampando kanga.

"Abambo, ndine. Ngati mukundimva, finyani."

Mdima.

"Finyani pang'ono pokha, abambo. Ndikuona."

Mdima. Poyamba kankawala pamene ndikukalowetsa, ndipo tsiku loyamba ndinafuula, koma ndinazindikira msanga kuti zinali zala zanga zomwe. Mwana wanga anali atandichenjeza kuti kamawala pokhapokha mphamvu ikamasintha, pofinya ndi posiya. Dzanja longofumbata osasuntha silingakawalitse. Ndiye dzanja la abambo linkakagwira gwa, ngati mbano, m'chipinda muli bii.

Ndinachita zimenezi m'mawa uliwonse kwa masabata angapo. Ndinkasintha mawu. Ndinkawaimbira nyimbo zimene ankatsogolera besi, n'kusiya mpata pamalo pamene mawu awo ankalowera. Ndinkawawerengera masalimo. Ndinkawatchulira mayina a makolo awo. Nthawi zina ndinkadzifunsa ngati sindikumuyesa Mulungu, pakuti paja pali mbadwo umene unadzudzulidwa chifukwa chofuna zizindikiro. Koma ndinkakumbukanso munthu uja amene anayala ubweya wa nkhosa pabwalo, kawiri konse, ndipo sanakalipiridwe. Ndinkati, Ambuye, ine ndine wamng'ono kuposa ameneyo, ndipo ubweya wanga ndi kachigamba ka mphira.

Mwana wanga ankafunsa tsiku ndi tsiku. Ndinkati, "Lero ayi." Iye ankati mwina chidutswacho n'cholimba kwambiri, ayesa kupanga chofewerapo. Ndinkamva m'mawu mwake kuti akungondilimbitsa mtima. Pang'ono ndi pang'ono mawu anayamba kundithera. Ndinkawamwetsa phala mwakachetechete. Ndinkapachikabe bulangete lija, koma ngati munthu amene amapita ku chitsime chimene akudziwa kuti chinauma.

Ndi nthawi imeneyo pamene anabwera msuweni wawo.

Ameneyu ndi mwana wa amalume awo a abambo, mayi wamkulu thupi, wamawu ngati wailesi ya m'basi, amene anakwatiwa kutsidya ndipo amagulitsa zitenje ku Chipata. Kwathu ku Ntcheu chisuweni chiliko, koma cha awiriwa chinalibe mabuleki. Iye ankawatchula abambo kuti mwamuna wake, ine n'kumanditchula kamkazi kakang'ono. Pa ukwati wathu anabwera ndi mtondo n'kukhala pakhomo, ati sachoka mpaka timulipire chifukwa chomulanda mwamuna. Abambo, munthu wofatsa uja, akakumana naye ankasanduka wina, ankatukwanizana mpaka misozi ya chiseko. Ine sindinazolowere. Ndinkangomwetulira mwaulemu.

Anafika ine ndili m'chipinda cha mdima chija.

"Odi kuno! Mwamuna wanga alipo kapena munamugulitsa?"

Ndisanayankhe anali atakankha kale chitseko, n'kuchitsekanso ndi msana.

"Aa! N'chiyani ichi? Mwamuvundika mu mdima ngati nthochi? Mufuna apse?"

Ndinamufotokozera za kachigamba, ndikuyankhula motsitsa. Anamvetsera theka lokha.

"Suntha, kamkazi kakang'ono. Mkazi wamkulu nabwela."

"Pano pokha ayi, asuweni," ndinatero. "Pano ndi panga."

"Khala napo pampando pako."

Ndinangomva nsapato zikugwa, bedi likulira. Mayi uja anakwera, kudumpha miyendo ya wodwala, n'kudzipanikiza pakati pa abambo ndi khoma, akuwefuka. Ndinati andithyolera bedi, koma iye anali atayamba kale.

"Iwe, waulesi iwe. Soya anakukololera anthu ena, iwe uli gone ngati mfumu. Unanithawa ine kukakwatira aphunzitsi chifukwa cha malipiro a pamwezi, manje ona, akusunga mu mdima. Kali kuti kachingamu kako? Bweretsa kuno."

Anapapasa, n'kukazula m'dzanja lamanja lija. Kanathwanima m'zala zake, iye n'kuti, "Eee, ufiti wa ku sukulu!" Kenaka anati, "Ine siningakupatse mwaulemu iwe. Ulemu ukupatsa mkazi wako wa kwaya. Landira ndi lamanzere, ngati nyani."

"Asuweni!" ndinatero. Zinandipweteka. Munthu wamkulu, wodwala, kumupatsa chinthu kumanzere.

"Khala chete, nikamba ndi mwamuna wanga. Iwe, ngati unafa unene, tileke kuvutika. Ine nifuna njinga ija. Naiona pakhonde. Lelo lomwe nipita nayo ku Chipata, nikagulitse kwa anyamata a kabaza."

Kukhoma kuja kunaoneka kuwala.

Kunali kochepa kwambiri, ngati khala limene latsala pang'ono kuzima, koma kobiriwira. Kunabwera n'kupita.

"Mwakagwira ndinu," ndinatero.

"Ine manja anga ali pamutu, mwana wa amayi. Bwera ugwire."

Ndinapapasa mu mdima. Manja ake onse awiri analidi pamutu. Kwa nthawi yoyamba chimudziwire, mayi uja anayankhula motsitsa.

"Iwe. Ngati ukukana kuti nisatenge njinga, finya."

Kunawalanso. Ulendo uno ndinaona ndi mthunzi wa zala zitatu.

Msuweni uja analira ngati mwana, bedi lonse likugwedezeka. Kenaka anamina m'chitenje chake n'kunena kuti, "Chitsiru iwe. Galu. Watiopsa. Kanjinga kako kakutha kaja ndani angakafune?"

Ine sindinalire nthawi yomweyo. Ndinangokhala pa kampando kanga, manja ali pamiyendo. Chimene chinandifika poyamba sichinali chimwemwe. Ndinaona masabata onse aja. M'mawa uliwonse ndinkati, "Finyani, abambo," ndipo iwo ankamva. Ayenera kuti ankafinya ndi dzanja lokhalo limene linkawamvera, pansi pa bulangete, kukhoma, m'dzanjamo mulibe kanthu, ine ndikuyang'anitsitsa dzanja linalo. Kenaka ankandimva ndikuusa moyo, ndikuchotsa bulangete pazenera, n'kutuluka.

Zoyesa dzanja lamanzere sizinandibwerepo m'mutu ngakhale kamodzi. Chibadwire sindinapatsepo munthu wamkulu chinthu kumanzere, ndiye ndiyambire amuna anga? Ngakhale m'Mawu amene ndinakuliramo, dzanja lamanja ndi limene limagwiriziza, ndi limene limapulumutsa, nkhosa zimaima kumanja ndipo mbuzi kumanzere. Dzanja lamanzere la abambo ndinkalisambitsa, kulipukuta, kulifunditsa, koma sindinalifunsepo kanthu. Pambuyo pake ndinakumbuka kuti m'Mawu momwemo muli nkhalamba ina yosaona imene inapingasitsa manja podalitsa adzukulu ake, mwana wake akuti mwalakwitsa atate, iyo n'kukana kuwongola. Muli ngakhale bulu amene anaona zimene mneneri sanazione. Zimenezi ndinamuuza msuweni uja madzulo ake, ndipo anati ngati iye ndi bulu ndiye kuti ine ndi ngolo.

Mwana wanga nditamuimbira n'kumufotokozera, anandifunsa:

"Amayi, nthawi yonseyi munkaika dzanja liti?"

"Lamanja."

"Lakufa lija?"

"Iwe unangoti m'dzanja mwawo."

"Amayi inu!" Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo ndikhulupirira kuti nayenso sankadziwa.

Tsiku lomwelo tinakoka bedi kulichotsa kukhoma, ine ndi msuweni, n'kusamutsira kampando kanga mbali inayo. Tinapangana ndi abambo kuti kufinya ndi inde, kukhala chete ndi ayi. Sizinali zophweka ngati mmene ndikulemberamu. Ankatopa msanga. Mafunso aatali ankawasokoneza. Masiku ena kachigamba sikankawala n'komwe, ndipo sindinkadziwa ngati akukana, akugona, kapena apita kutali kumene mawu safika. Koma masiku ena tinkacheza ndithu. Ndinadziwa kuti phala ndinkawathirira shuga wambiri. Ndinadziwa kuti phewa lamanja linkawapweteka ndikamawakoka potembenuza. Ndinadziwa kuti akufuna wailesi, osati ya maulaliki yokha imene ndinkawatsegulira, komanso ya mpira. Nditawafunsa ngati mapemphero ofuula aja ankawasangalatsa, kunali mdima. Nditafunsa ngati ndiwapemphe akulu a mpingo kuti azitsitsa mawu, kunawala msangamsanga. Ndinakawauza akuluakuluwo mwaulemu, ndipo kuyambira pamenepo ankalowa m'chipindamo ndi moni, n'kumawafotokozera abambo za mitengo ya mtedza ndi za denga la tchalitchi, ngati munthu.

Mwana wathu anaimba pa vidiyo tsiku lina ine nditatseka kale zenera. Ndinaloza foni kudzanja la abambo ake, kuwala kwa foniyo nditakuphimba ndi nsalu.

"Ababa, ndine. Mukundimva?"

Kunawala.

"Ababa, chimene muli nacho m'manjacho ndinapanga ndine. Ndi manja angawa."

Kunawalanso, kwa nthawi yotalikirapo. Ndinamumva mwanayo akutseka pakamwa ndi dzanja, kutali kuja, m'chipinda chake chimene sindinachionepo.

Koma funso langa ndinali ndisanafunse. Ndinkafunsa za shuga, za phewa, za mpira, za nkhuku. Ndikafika pa funso lenilenilo ndinkalilambalala. Anali atamuyankha msuweni wawo. Anali atamuyankha mwana wawo. Nanga ine? Munthu akhoza kumva mawu, kudziwa kuti phala latsekemera, koma osadziwa amene akumumwetsa. Mayi wa kuchipatala uja anali atandiuza kuti ena amaiwala nkhope za m'nyumba mwawo momwe. Ndinkaopa kuti mwina kwa iwo ndine namwino wachifundo chabe, ndipo ndinkaona kuti bola kusadziwa kusiyana ndi kufunsa n'kulandira mdima. Ndinkachitanso kansanje, ndivomere. Masalimo onse aja, nyimbo zonse zija, munthu n'kudzayankha za njinga.

Msuweni anakhala nafe masiku angapo. Tsiku lonyamuka, atamanga kale katundu wake, anandikokera kuseri kwa khitchini.

"Iwe, nakumva mafunso ako onse. Shuga, shuga, shuga. Unakwatiwa ndi shuga?"

"Ndifunsa, asuweni."

"Liti? Akapita? Ine uja ni mwamuna wanga wa nthabwala chabe. Wako ni weniweni. Funsa." Anandigwira paphewa mwamphamvu, kenaka anakuwira chakuzenera: "Iwe waulesi, napita! Njinga nakusiyira, ulibe nayo ntchito koma!"

Ndinafunsa patapita masiku awiri kapena atatu. Kunali kozizira, nyengo ya mwera. Ndinawasambitsa ndi madzi ofunda, kuwaveka malaya awo oyera a kwaya, ngakhale panalibe kopita. Ndinapachika bulangete, kutsekera thumba pansi pa chitseko. Sindinawerenge salimo, sindinaimbe. Ndinaika kachigamba pachikhatho chawo chamanzere, koma ulendo uno sindinachotse dzanja langa. Ndinalisanjika pamwamba pake, kachigamba kali pakati pathu, n'kulilefula dzanja langalo kuti lingokhala ngati nsalu, kuti mphamvu iliyonse imene ingaoneke isakhale yanga.

"Abambo," ndinatero. "Mukundidziwa ine?"

Mdima.

Ndinadikira. Ndinkamva kupuma kwawo, ndi nkhuku panja, ndi njinga yamoto ikudutsa kumsewu. Ndinati mwina funsolo ndalifunsa moipa. Kudziwa n'chiyani kwa munthu amene wagona chagada miyezi yonseyi? Ndinafunsanso.

"Abambo, ndine mkazi wanu?"

Kuwala kunatulukira m'mipata ya zala zanga. Kunazima, n'kubweranso. Kunazima, n'kubweranso. Pangano lathu linali la kufinya kamodzi, koma iwo sanasiye. Ankafinya n'kusiya, kufinya n'kusiya, ndipo ndinkaona mafupa a zala zathu tonse awiri, zawo pansi, zanga pamwamba, zikuoneka n'kubisika. Kuwalako kunkachepa ulendo uliwonse chifukwa mphamvu zinkawathera, koma ankayesabe. Ndinamva mpweya wawo ukuthamanga ngati munthu amene akukwera chitunda ndi thumba kumsana.

"Basi, abambo," ndinatero. "Basi. Ndaona. Pumulani."

Anafinyanso kamodzi, mochedwa, kuwala kongokwanira kuti ndikhulupirire kuti sindikulota. Kenaka anagona. Ndinakhala pomwepo mpaka dzanja langa linachita dzanzi lenileni, osalichotsa, bulangete lili pazenera mpaka masana.

Anakhala nafe mpaka mvula yoyamba. Mwana wathu anafika iwo akadali moyo, ndipo anakhala nawo masiku awo omaliza mbali ya kumanzereyo, ine nditamubwereka kampando. Sanayankhulenso ndi pakamwa mpaka tsiku limene Ambuye anawatenga.

Miyezi imeneyo ndimaithokoza, koma inandisiyira njala ina. Inde ndi mawu aang'ono. Pali zambiri zimene ndinkafuna kumva zomwe yankho lake si inde kapena ayi. Ankaganiza chiyani maola onse aja akuyang'ana kudenga? Ankapemphera ndi mawu ati? Ndikamaimba n'kusiya mpata wa besi, kodi ankaimba m'kati? Limeneli ndikanatha kufunsa, koma linandibwerera iwo atapita kale, ndikutsuka mbale. Mafunso otere amandipeza paliponse, kumunda, pa mzere wa ku chigayo, m'kati mwa ulaliki, ndipo ndimangowasunga. Tinalonjezedwa mzinda umene sudzafuna nyale kapena dzuwa, kumene lilime la wosayankhula lidzamasuka. Abambo sanali munthu wa mawu ambiri ngakhale ali bwino, ndiye sindikudziwa ngati kumeneko adzasinthe. Koma ndikadzafika ndidzawakhazika pansi, ndipo adzandiyankha onsewo, limodzi ndi limodzi, ndi mawu awo aakulu aja.